Miyala Yoŵerengera Nyengo ndi Mphunzitsi wa m'Mbali mwa Nyanja

Pa mafunso amene ophunzira a uphunzitsi amafunsa tikamakambirana za maulendo a maphunziro, pali limodzi limene silisoŵa chaka chilichonse: kodi mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi, kumene ngakhale choko chimavuta, angaŵaonetse bwanji ana zinthu zimene amangozimva m'mabuku? Funsoli limakula tikafika pa mutu wa dzuŵa, mwezi ndi nyenyezi, pakuti mabuku amatisonyeza zithunzi za miyala ikuluikulu imene anthu akale adaimika ku England, ku Egypt ndi ku Peru kuti aziŵerengera nyengo, ndipo mphunzitsi wachinyamata amaona ngati phunziro lake ndi lopereŵera chifukwa sangathe kupita nawo ana kumeneko.

Ine maganizo anga ndi ena. Ndikuti mwana wa ku Dwambazi, amene amadzuka nyanja ili kum'maŵa kwake, ali pabwino kuposa mlendo amene walipira ndege kukaona miyalayo tsiku limodzi. Ndiponso mphunzitsi amene angamange bwalo la miyala pamodzi ndi ana ake, nalisamala chaka chathunthu, adzakhala ataŵaphunzitsa zambiri kuposa zimene ulendo wotere ukadaŵapatsa. Sindikunyoza maulendo ayi. Chimene ndikufuna ndi chakuti tizindikire phunziro lenileni limene lili m'miyalamo.

Zimene mlendo amakaona

Tiyambe ndi malo atatu odziŵika. Oyamba ndi Nabta Playa, m'chipululu cha kummwera kwa Egypt, pafupifupi makilomita 100 kumadzulo kwa Abu Simbel. Zaka ngati 7,000 zapitazo kumeneko kunali dziŵe limene linkadzaza pa nthaŵi ya mvula, ndipo abusa a ng'ombe ankasonkhana m'mbali mwake. Iwo adaimika timiyala m'bwalo laling'ono, la mamita ngati 4 okha m'mimba mwake. Gulu la akatswiri ofukula zakale lotsogozedwa ndi Fred Wendorf lidayamba kufufuza malowo m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1998 katswiri wa nyenyezi J. McKim Malville ndi anzake adalemba kuti mipata ina ya bwalolo idaloza kumpoto ndi kummwera, pamene ina idaloza kotulukira dzuŵa m'mwezi wa Juni, nthaŵi imene mvula inkayandikira kumeneko.

Malo achiŵiri ndi Stonehenge, ku England, kumene miyala yolemera matani 20 kapena kuposerapo idaimikidwa cha m'ma 2500 Khristu asanabadwe. Mzere wodutsa pakati pa bwalolo umaloza kotulukira dzuŵa pa tsiku lalitali koposa la m'Juni, ndipo mbali inayo umaloza koloŵera dzuŵa pa tsiku lalifupi koposa la m'Disembala. Malo achitatu ndi Chankillo, ku Peru, kumene zaka ngati 2,300 zapitazo anthu adamanga nsanja 13 za miyala pa msana wa phiri, zondandalika kuchokera kumpoto kunka kummwera. Mu 2007 Ivan Ghezzi ndi Clive Ruggles adaonetsa kuti munthu akaima pa malo ena ake kumadzulo kwa phirilo, amaona dzuŵa likutulukira ku nsanja yoyamba m'Juni, nkumasendera pang'onopang'ono mpaka kufika ku nsanja yomaliza m'Disembala, kenaka nkubwerera. Bungwe la UNESCO lidaika malo ameneŵa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2021.

Nanga mlendo amene wafika kumeneko amaona chiyani? Ku Nabta Playa sakapezako bwalo lenileni, pakuti alendo ena ankasuntha miyala ndi kuwononga malowo, kotero kuti mu 2008 bwalolo lidasamutsidwira ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda wa Aswan. Ku Stonehenge, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, alendo ambiri amaonera patali, atatchingidwa ndi chingwe. Ku Chankillo, ngakhale mlendo alaŵire motani, adzaona dzuŵa likutuluka pa mpata umodzi wokha, ndiye kuti waona mzere umodzi wa buku la masamba 365. Miyala imeneyi siidaimikidwe kuti anthu azidzaigomera. Idaimikidwa kuti munthu aziima pamalo pamodzimodzi, m'maŵa ndi m'maŵa, nkumayerekeza za lero ndi za dzana. Nzeru yake ili m'kubwerera, ndipo kubwerera ndicho chinthu chimodzi chimene mlendo sangathe.

Chifukwa chake adavutika ndi miyala

Ana sangamvetse miyalayi ngati sitiyamba taŵaonetsa vuto limene eni ake ankalimbana nalo. Mwezi ndi wosavuta kuŵerengera masiku, popeza aliyense amauona ukukhala, ukukula, ukufa. Asodzi a usipa amautsata mosamala, chifukwa nyali zawo zimakoka nsomba bwino pa usiku wa mdima kusiyana ndi pamene mwezi ukuŵala. Koma kuchokera pamene mwezi wakhala kufikira utakhalanso pamapita masiku 29 ndi theka, kotero kuti miyezi 12 imangokwana masiku 354, pamene chaka cha dzuŵa, chimene chimalamulira mvula ndi chilimwe, chili ndi masiku 365 ndi maola ngati 6. Chaka ndi chaka pamatsala masiku 11. Ana a m'boma la Nkhotakota, kumene kuli Asilamu ambiri, chitsanzo ali nacho pafupi: mwezi wa Ramadan, umene umatsata mwezi wa kumwamba, umafulumira ndi masiku ngati 11 chaka chilichonse, kotero kuti nthaŵi zina umagwera m'dzinja, nthaŵi zina m'chilimwe.

Pa za chipembedzo zimenezo sizivuta, koma mlimi kapena mbusa wa ng'ombe wongodalira mwezi, pakutha pa zaka zitatu adzapezeka atasokonekera ndi mwezi wathunthu. Nchifukwa chake anthu akale adafuna chizindikiro china chosasuntha, ndipo adachipeza pa malo otulukira dzuŵa. Mwala unali chikumbutso chabe, choti chimene agogo adaona chisatayike agogowo akamwalira.

Thambo la ku Dwambazi

Tsono tibwere kwathu. M'makalasi ambiri amene timayendera pamene ophunzira athu akuyesera kuphunzitsa, timamva ana akuyankha pamodzi kuti dzuŵa limatuluka kum'maŵa ndipo limaloŵa kumadzulo. Yankholi si labodza, koma limatseka maso. Mwana akaliloŵeza amaleka kuyang'ana, poganiza kuti nkhani yatha. Chikhalirecho dzuŵa limatulukira pakati penipeni pa kum'maŵa masiku aŵiri okha pa chaka, cha pa 21 Malichi ndi cha pa 23 Seputembala.

Dwambazi ali pa madigiri ngati 12 kummwera kwa ikweta, ku gombe la kumadzulo kwa nyanja. Cha pa 21 Juni dzuŵa limatulukira madigiri 24 kumpoto kwa malo a pakati aja, ndipo cha pa 21 Disembala limatulukira madigiri 24 kummwera kwake. Ndiye kuti pa miyezi isanu ndi umodzi malo otulukira dzuŵa amayenda madigiri 48, ulendo waukulu woti palibe diso limene lingalephere kuuona. M'Malichi ndi m'Seputembala limathamanga, kusuntha pafupifupi mlingo wa thupi lake tsiku lililonse, koma likafika kumathero, m'Juni ndi m'Disembala, limakhala ngati laima kwa masiku angapo lisanabwerere. Anthu a ku Chankillo adachita kumanga nsanja kuti akhale ndi poyezera. Mwana wa ku Dwambazi, kunja kukayera bwino, amaona mapiri a ku Mozambique tsidya la nyanja, ndipo nsonga ndi mipata ya mapiriwo ndizo nsanja zake, zosalira ndalama. Tionjezepo kuti Chankillo ali pa madigiri 9 ndi theka kummwera kwa ikweta, pafupifupi mofanana ndi Chitipa ndi Karonga. Choncho dzuŵa limene iwo ankatsata limayenda monga limayendera kwathu kuno.

Palinso china chimene ife tili nacho, chimene mwana wa ku England sadzachiona kwawo mpaka kale. Kaŵiri pa chaka dzuŵa limadutsa paliwombo penipeni, ndipo mzati woongoka umasoŵa chithunzithunzi masana. Ku Dwambazi zimenezi zimachitika cha pa 25 Okutobala ndi cha pa 16 Febuluwale. Pakati pa Febuluwale ndi Okutobala, miyezi isanu ndi itatu, dzuŵa la masana limakhala kumpoto kwathu. Miyezi inayi yotsalayo limakhala kummwera. Buku lolembedwera ana a ku Ulaya lidzanena kuti dzuŵa la masana limakhala kummwera nthaŵi zonse, ndipo kwa iwo nzoona. Mphunzitsi wokopera mawu otere pa bolodi osatuluka panja adzaphunzitsa ana a Malaŵi thambo la eni ake.

Kamangidwe ka bwalo

Zofunika ndi zochepa: mzati woongoka, chingwe, chikhomo, rula, miyala ya m'mbali mwa mtsinje, penti pang'ono kapena laimu, ndi kope limodzi lolimba. Sankhani malo athyathyathya oona bwino kum'maŵa, otalikirako ndi madzi, pokumbukira mmene nyanja idakwerera mu 2024 nimiza malo ambiri a m'mphepete. Zikani mzati kuti utsale mita imodzi yeniyeni pamwamba pa nthaka, ndipo muuwongole poyerekeza ndi chingwe chomangirira mwala kunsi kwake. Kenaka jambulani bwalo lozungulira mzatiwo ndi chingwe cha mamita 5.

Ntchito yoyamba ndi ya m'maŵa. Dzuŵa likangotuluka, mzati umaponya chithunzithunzi chachitali chopita kumadzulo. Pamene chithunzithunzicho chadutsa mzere wa bwalo, ana aike mwala, alembepo tsiku. Njira imeneyi ndi yabwino chifukwa ana amafulatira dzuŵa. Ndipo pano ndinene mogogomeza kuti mwana asaloledwe kupenyetsetsa dzuŵa, ngakhale la m'maŵa, pakuti limawononga maso ndipo kuwonongekako nthaŵi zina sikuchira. Kuchita zimenezi kamodzi pa sabata nkokwanira. Mwala wa m'Juni udzagwera chakummwera, wa m'Disembala chakumpoto, ndipo pakati pa iŵiriyo padzakhala mamita ngati 4. Pambuyo pake, dzuŵa litakwera kale, mwana akhoza kuima kuseri kwa mwala uliwonse, nkuyang'ana modutsa pa mzati, ndipo adzaona phiri kapena mpata umene dzuŵa lidatulukira tsiku limenelo, aujambule m'kope.

Ntchito yachiŵiri ndi ya masana, ndipo imachitika m'nthaŵi ya sukulu. Ana ayeze chithunzithunzi cha mzati mphindi khumi zilizonse kuyambira 11 koloko, kufikira atapeza pamene chafupika koposa. Adzadabwa kuona kuti si pa 12 koloko ayi. Nthaŵi ya mawotchi athu idatengedwa pa mzere wa madigiri 30 kum'maŵa, pamene Dwambazi ali pa madigiri 34, choncho dzuŵa limafika pamutu msanga. Kumapeto kwa Okutobala limafika cha m'ma 11:30. Chithunzithunzi chachifupicho chimagona pa mzere woloza kumpoto ndi kummwera kwenikweni, ndiye kuti ana apeza mbali za dziko popanda kampasi. Pa mzati wa mita imodzi, m'Juni chidzakhala masentimita ngati 72 choloza kummwera, m'Malichi ndi m'Seputembala masentimita 22, ndipo m'Disembala masentimita 20 choloza kumpoto. Ziŵerengero zimenezi ndakupatsani inu aphunzitsi kuti muzidziŵa ngati ntchito ikuyenda bwino. Musaŵauziretu ana. Mukatero mudzaŵalanda chinthu chokhacho chimene bwalolo lidamangidwira.

Kuchokera m'kope limenelo mudzatuluka maphunziro ambiri: kuyeza ndi kujambula magirafu m'masamu, kulemba lipoti m'Chicheŵa, ndi nyengo m'zaulimi. Ana adzaona okha kuti dzuŵa limadutsa paliwombo pamene kutentha kwafika posauzana mvula isanayambe, ndi kuti limakhala litapendekera kutali kumpoto pamene mwera ukuwomba ndipo asodzi akuwopa kuloŵa panyanja. Pamenepo mphunzitsi akhoza kuwongola maganizo ofala akuti kumazizira chifukwa dziko latalikira dzuŵa. Nzoona kuti kumayambiriro kwa Julayi dziko limakhala pa mtunda wa makilomita 152 miliyoni, pamene m'Januwale limakhala pa 147 miliyoni. Koma m'Julayi momwemo ku Ulaya kumakhala kukutentha. Chimene chimabweretsa nyengo ndi kupendekeka kwa dziko ndi madigiri 23 ndi theka, ndipo umboni wake ndi chithunzithunzi chija cha masentimita 72.

Inu amene mukuphunzira pamodzi lero, maŵa mudzamwazikana m'maboma onse, ndipo kumwazikanako kukhoza kusanduka phunziro. Cha m'ma 240 Khristu asanabadwe, Eratosthenes wa ku Alexandria adayerekeza chithunzithunzi cha masana mumzinda wake ndi cha ku Syene, napeza kusiyana kwa madigiri 7 ndi pang'ono, ndipo potero adaŵerengera kukula kwa dziko lonse. Karonga ndi Nsanje amasiyananso madigiri ngati 7, pa mtunda woongoka wa makilomita pafupifupi 775 kuchokera kumpoto kunka kummwera. Pa 23 Seputembala mzati wa mita imodzi udzapereka masentimita ngati 17 ku Karonga ndi 30 ku Nsanje. Aphunzitsi aŵiri otumizirana ziŵerengero zawo akhoza kutsogolera ana a Sitandade 8 kupeza kuti dziko ndi la makilomita pafupifupi 40,000 kuzungulira. Kodi ndi ulendo uti wa pa lole umene ungapose pamenepa?

Tisakokomeze

Pali chiyeso chimene mphunzitsi wokonda Africa amagweramo mosavuta, ndicho kuuza ana kuti mwala uliwonse wakale unali woonerapo nyenyezi. Nkhani ya Namoratunga, pafupi ndi Kalokol kumadzulo kwa nyanja ya Turkana ku Kenya, itichenjeze. Mu 1978 B. M. Lynch ndi L. H. Robbins adalemba kuti mizati 19 ya miyala imene ili kumeneko idaloza kotulukira nyenyezi zisanu ndi ziŵiri za kalendala ya anthu a mtundu wa Borana, monga zinkatulukira cha m'ma 300 Khristu asanabadwe. Nkhaniyo idatchuka kwambiri. Koma mu 1982 Robert Soper adakayezanso napeza ziŵerengero zosiyana, pakuti miyala ya mtundu umenewo imatha kukoka singano ya kampasi. Ena adayezanso naikira kumbuyo maganizo oyamba aja. Patapita zaka, Elisabeth Hildebrand ndi anzake adafukula malo otere angapo m'dera lomwelo, napeza kuti ndi manda a abusa akale, a zaka zoposa 4,000. Popeza malo otulukira nyenyezi amasintha pang'onopang'ono pa zaka zikwi, kusuntha kwa chaka cha miyalayo kudagwedeza maziko a mfundo yonse ija.

Chimodzimodzinso ndi Great Zimbabwe, pafupi ndi Masvingo. Atsamunda ena ankakana kuti Afirika angamange malinga otere, mpaka David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adaonetsa ndi umboni wofukula kuti omanga ake anali eni dziko. Imeneyo ndi mfundo yokhazikika. Koma maganizo amene ena adapereka pambuyo pake, akuti malowo anali oonerapo nyenyezi, akatswiri ambiri sadaŵavomereze. Kuno kwathu, ku Chongoni m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, amene UNESCO idaŵazindikira mu 2006, ndipo pakati pa zojambula zofiira pali zozungulira zina zokhala ndi timizere totuluka m'mbali. Nkwapafupi kuuza ana kuti limenelo ndi dzuŵa, koma kufanana kwa maonekedwe si umboni.

Wina adzati kuphunzitsa zokayikazi kumachepetsa ulemu wa makolo athu. Ine ndikuona kuti kumaukuza. Chimene chidagonjetsa bodza la atsamunda pa za Great Zimbabwe sichinali bodza lina lokoma, koma khasu ndi kuyeza mosamala. Ndiponso mwana amene waikapo miyala 40 m'bwalo lake adzazindikira yekha kuti pa miyala yochuluka chotere, iŵiri ina iyenera kuloza nyenyezi ina yake mwangozi. Mwana wotere akadzamva nkhani yodabwitsa pa wailesi kapena pa foni, adzafunsa kuti, "Adayeza bwanji?" Funso limenelo ndilo chiyambi cha sayansi.

Akuluakulu a m'mudzi

Makolo athu sadatisiyire nsanja za miyala zoŵerengera nyengo, koma adatisiyira maina, ndipo dzina ndi umboni wakuti munthu adayang'ana. Tili ndi Nthanda, yoŵala mbandakucha; Mlalang'amba, wodutsa pakati pa thambo; Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana; ndi Nsangwe, kagulu kothithikana kamene kamaoneka kum'maŵa madzulo a m'Novembala, pamene alimi akudikira mvula yobzalira, nkudzasoŵa m'Meyi, nkuonekeranso mbandakucha wa m'Juni. Aswahili amakatcha Kilimia, Azulu amati isiLimela, ndipo maina onse aŵiri akuchokera ku liwu lomwe lija lakuti kulima. Alice Werner, amene adakhalako m'dziko muno, adalemba mu 1906 nthano ya Anyanja yakuti mwezi uli ndi akazi aŵiri, wina kumadzulo amene amaudyetsa bwino nunenepa, wina kum'maŵa amene amaumana nuwonda. Nthanoyo ili ndi diso lakuthwa, pakuti mwezi wokula umaonekeradi kumadzulo madzulo ndipo wakufa umaonekera kum'maŵa mbandakucha. Chimene sayansi imaonjezapo ndi chakuti akazi aŵiriwo ndi mmodzi yemweyo, pulaneti lotchedwa Venus.

Ngakhale mbali za dziko tidazitcha potsata mphepo za panyanja: mpoto, mwera, vuma ndi zambwe. Ku Dwambazi, kumene Chicheŵa ndi Chitonga zimakumana, mphunzitsi atume ana kukafunsa agogo awo ndi asodzi achikulire maina a nyenyezi m'zinenero zonse ziŵiri, ndi ntchito imene ankazigwiritsa pobwerera kumtunda usiku. Aitane mmodzi wa iwo kudzalankhula pa bwalo lija, amlandire ndi ulemu woyenera mphunzitsi mnzake. Safunsa adadya phula. Ndipo m'masiku ano a mawotchi ndi mafoni, nkhalamba iliyonse imene yatsikira kuli chete osafunsidwa imapita ndi maina amene sitidzaŵapezanso.

Zodandaula

Ndikudziŵa zimene mudzanena, ndipo zina ndi zomveka. Choyamba, dzuŵa limatuluka pakati pa 5 koloko ndi 6 koloko, sukulu isanayambe. Nzoona, koma ntchito ya m'maŵa ndi ya kamodzi pa sabata, ndipo imangofuna mphunzitsi ndi ana atatu kapena anayi okhala pafupi, mosinthana, makolo awo atavomera. Kumene zimenezo sizitheka, ntchito ya masana payokha ndi yokwanira kuonetsa ulendo wa dzuŵa.

Chachiŵiri, mitambo ya m'dzinja ndi utsi wa moto wolusa m'chilimwe zimabisa mapiri ndi dzuŵa lomwe, ndipo 21 Disembala nthaŵi zambiri imagwera m'tchuthi. Izi sizoopsa. Popeza dzuŵa limachedwa kumathero, mwala woikidwa sabata imodzi tsikulo lisanafike sudzasiyana kwenikweni ndi malo ake oyenera. Tsiku la mitambo lilembedwe m'kope kuti kunali mitambo, ndipo mphunzitsi asalole mwana kupeka chiŵerengero pofuna kudzaza mzere. Kuphunzira kulemba kuti "lero sitidaone" ndi phunziro lalikulu lomwe.

Chachitatu ndi mayeso. Mphunzitsi wamkulu akhoza kufunsa ngati miyala idzalembedwa pa mayeso a Sitandade 8. Miyala siidzalembedwa, koma kuyeza, mbali za dziko, nyengo ndi magirafu zili m'silabasi, ndipo mwana amene adagwira rula pa dzuŵa sachedwa kukumbukira zimene woloŵeza adaiŵala kale. Ntchito yonseyi siidya mphindi zoposa 30 pa sabata.

Chachinayi nchimene mabuku a kaphunzitsidwe satchula, koma aliyense wokhala kumudzi amachidziŵa. Mphunzitsi wachilendo woimika miyala m'bwalo mbandakucha, ali ndi ana a eni ake, akhoza kuganiziridwa zoipa. Choncho musanazike mzati, kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi a mfumu. Afotokozereni cholinga, apempheni malo, ndipo ngati nkotheka a mfumu ndiwo aike mwala woyamba dzuŵa likuswa mtengo, anthu onse akuona. Bwalo limene mudzi walilandira silidzaphwasulidwa ndi ana oŵeta mbuzi, ndipo inu mukadzasamutsidwa lidzatsala m'manja mwa anthu.

Za maulendo enieni

Mwayi ukapezeka wopita ndi ana ku mkuyu wa ku Nkhotakota, kumene David Livingstone adakumana ndi Jumbe mu 1863, kapena ku Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia adasamukira mu 1881, kapenanso ku Chongoni, pitani ndithu. Koma mudzaona kusiyana pakati pa ana ongokopera zaka m'kope ndi ana amene adazoloŵera kupenya. Achiŵiriŵa adzafunsa kumene khomo lidaloza, chifukwa chake malowo adasankhidwa, ndi mmene tidadziŵira zimene tikunena. Adzadziŵanso kusakhudza ndi kusasuntha kanthu, popeza iwo eni adamvapo kuŵaŵa kwa kupeza mwala wawo wa m'Juni utachotsedwa pamalo pake. Zimene zidachitika ku Nabta Playa sizingachitike m'manja mwa ana otere.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Sukulu zathu zimaphunzitsa zinthu zambiri zofulumira: funso lero, yankho lero lomwe, chongani. Nzochepa zimene zimaphunzitsa mwana kudikira miyezi isanu ndi umodzi kuti aone ngati chimene ankaganiza chinali choona. Inu amene mukapatsidwe kalasi m'mbali mwa nyanja, kaya ku Dwambazi, kaya ku Chintheche, kaya ku Senga Bay, musadikire galimoto. Zikani mzati m'sabata yanu yoyamba, tsegulani kope, ndipo tsamba loyamba lilembedwe ndi dzanja la mwana.